Thalakitala ya m'dimba yogwirapo kale ntchito: kuiyeza, kuigula ndi kuikonza

Ndikufuna makina amodzi ogwira ntchito zitatu: kutchetcha kapinga, kukoka kangolo ka manyowa, komanso kukoka kapulawo kakang'ono m'dimba. Yatsopano yoti ingathe zonsezi thumba langa silifikapo, ndiye ndikusaka imene ina inagwirapo kale ntchito. Ndalama zimasiyana malo ndi malo, choncho pano sinditchula ndalama zenizeni. Mtengo umene wogulitsa watchula ndiziutenga ngati 100, ndipo chipangizo chilichonse ndizichiwerengera potengera 100 ameneyo. Wina akawerenga angosinthira ku ndalama za kwawo.

6 Epulo: zida ndi zoyenera kudziwa ndisanapite

M'chikwama ndaikamo tochi, mita yoyezera magetsi, sipanala ya mapulagi, timipeni toyezera mpata wa mavalavu, sikuludiraiva yaikulu, nsanza zoyera, jeke yaing'ono ndi katoni yogonerapo. Geji yoyezera mpweya wothawa m'silinda ndabwereka kwa mnzanga wamakaniko pamodzi ndi kakompuresa kake. Zonsezi sizinandidyere ndalama.

Pa zotsatsa, pafupifupi makina onse okhala ndi mpando ndi chiwongolero akutchedwa thalakitala ya m'dimba, pomwe ambiri ndi otchetchera kapinga basi. Kusiyana kwake kumaonekera kumbuyo. Yeniyeni yokoka pulawo imakhala ndi mawilo akumbuyo omangidwa ndi mabawuti anayi kapena asanu ngati a galimoto, matayala ake nthawi zambiri ndi a 23x10.50-12 kapena okulirapo, ndipo giyabokosi yake imakhala ndi pothirira oilo, kawirikawiri ndi fyuluta yomwe. Yotchetchera chabe wilo lake limangolowetsedwa pa shafiti n'kugwidwa ndi kachitsulo kamodzi, matayala ndi a mainchi 18 kapena 20. Manambala a pa tayala amawerengedwa chonchi: loyamba ndi kutalika kwa tayala, lachiwiri ndi kufutukuka kwake, lachitatu ndi kukula kwa limu, zonse m'mainchi.

Mphamvu ya injini yolembedwa pa boneti isakunamizeni. Injini ya mahosipawa 24 ikhoza kukhala pamwamba pa giyabokosi yopepuka. Mwachitsanzo Tuff Torq K46, imene ili m'makina ambiri otchetchera, inapangidwira kutchetcha ndi kukoka katundu wopepuka, ndipo ntchito imeneyo imaigwira. Pulawo si ntchito yake. Thalakitala zakale zolemera monga John Deere 318, imene inkapangidwa kuyambira 1983 mpaka 1992, kapena za Wheel Horse, kampani imene Toro inagula mu 1986, anthu akuzisakabe lero chifukwa cha fulemu ndi giyabokosi, osati penti.

9 Epulo: yoyamba, yowala kunja

Ndinapempha pa foni kuti asaidzutse ndisanafike. Nditafika ndinaika dzanja pa ekisozi ndipo inali yofunda. Eni ake anati anangoitulutsa m'shedi. Zikhoza kukhala zoona, koma ndataya mwayi woona momwe imadzukira ili yozizira, pamene utsi wa buluu ndi phokoso la zitsulo zotha zimaonekera bwino.

Penti yake inali yokongola, mpando watsopano, mita ya maola ikuonetsa 310. Koma labala ya pa chopondera inali itaperepeseka mpaka chitsulo kuoneka, ndipo chiwongolero chinkazungulira pafupifupi chikhatho chathunthu mawilo asanagwedezeke. Maola 310 sangadye labala chonchi. Mita yokhayo inkaoneka yatsopano kuposa zonse zoizungulira. Mita ya maola imasinthidwa ndi mawaya awiri okha, ndipo pa makina ena imawerenga ngakhale injini ili chete bola kiyi watsegulidwa, ndiye imatha kunama mbali zonse ziwiri.

Mawilo akumbuyo anali a pa shafiti, opanda mabawuti. Apa ndinadziwa kale kuti si imene ndikufuna, komabe ndinaiyesa kuti ndikhale ndi poyerekezera. Mphindi zoyambirira inkathamanga bwinobwino. Nditaitchetchetsa mpaka giyabokosi kutentha, ndinaikweza kachitunda ka kuseri kwa nyumba. Pakati pa chitunda inayamba kulira mokhala ngati ikudandaula, liwiro likutsika, kenako n'kuima injini ikubangulabe. Kubwerera m'mbuyo inkachita kukwawa.

Giyabokosi ya makinawa ndi ya mtundu wa hydrostatic, ilibe magiya osintha. Pampu imakankha oilo, oiloyo n'kuzungulitsa mota imene imayendetsa mawilo. Zitsulo za mkati zikatha, oilo wozizira amabisa vutolo chifukwa ndi wolimba, sathawa m'mipata. Akatentha amapyapyala, amathawira m'mipata ija, mphamvu n'kutha. N'chifukwa chake kuiyendetsa mphindi zisanu pabwalo losalala sikukuuzani kanthu. Lamba woyendetsa giyabokosi anali watsopano komanso wokungika, fani yoziziritsa inali yonse, ndiye panalibe china choloza chala. Giyabokosi ina yolowa m'malo mwake ndinaifunsira: 55 kapena 60 pa 100 ya mtengo wa thalakitala yonse. Ndinathokoza n'kubwerera.

15 Epulo: yachiwiri, yonyansa maonekedwe

Iyi inali pansi pa lona, matayala akutsogolo ataphwa, penti ya boneti itasuwa ndi dzuwa. Eni ake ndi bambo achikulire amene anasiya kulima dimba. Anandiuza okha kuti yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito komanso kuti sitata yake inafa. Mtengo umene anatchula ndi umene ndikuutcha 100 kuyambira pano. Zofanana nayo zoyenda bwino ndaziona zikutsatsidwa pa 130 kapena kupitirirako pang'ono.

Kumbuyo kunandisangalatsa: mabawuti asanu pa wilo lililonse, fyuluta ya giyabokosi ikuonekera, chokokera cha chitsulo chochindikala chosapindika. Ekiselo yakutsogolo ndi ya chitsulo choumba, osati cha malata opinda. Ndinagona pa katoni ndi tochi kuyang'ana fulemu, makamaka pomangira giyabokosi ndi pomangira ekiselo, pamene ming'alu imakonda kuyambira. Panalibe mng'alu, panalibenso powotcherera pachilendo.

Nambala ya makina pa kachitsulo ka pa fulemu inafanana ndi ya pa risiti yakale imene bambowo anasunga m'bukhu la makinawo. Bukhu ndi risiti zikapezeka, nkhawa yogula katundu wakuba imachepa, komanso muyeso uliwonse umene ndikufuna uli momwemo. Injini imakhala ndi nambala yakeyake. Amene akuyang'ana ya Briggs & Stratton aone pamene palembedwa Code: manambala awiri oyamba ndi chaka, awiri otsatira ndi mwezi, enawo ndi tsiku limene inapangidwa. Chaka cha injini chikatalikirana kwambiri ndi cha thalakitala, ndiye kuti injiniyo inasinthidwapo, ndipo ndi bwino kufunsa chifukwa chake. Pa iyi zaka zinagwirizana.

Oilo wa injini anali wakuda koma wopanda timiyala tonyezimira, wosayera ngati mkaka, zomwe zikanatanthauza madzi. Ndinaununkhiza: fungo la petulo linalipo pang'ono, ndipo mlingo unali pamwamba pa mzere. Izi zimachitika kasingano ka m'kabuleta kakasiya kutseka bwino, petulo n'kumadontherera m'silinda mpaka kukasakanikirana ndi oilo. Ndinati sitiidzutsa ndi oilo ameneyo. M'thanki munali petulo wachikasu wonunkha ngati vanishi.

Nditachotsa chivindikiro cha pamwamba pa injini ndinapeza chisa cha makoswe chitadzaza zipsepse za silinda ya kumanja. Injini izi zimazizira ndi mphepo, ndipo chisa chotere chikhoza kuwotcha gasiketi ya mutu wa silinda m'kanthawi kochepa. Funso linali lakuti makoswewo anabwera isanaimikidwe kapena itaimikidwa kale.

"Bambo, mungandilole ndibwerenso ndi zida, ndiitsegule pang'ono pomwe pano? Ndikapanda kugula, oilo ndi petulo ndawononga ine."

"Bwerani, mwanawe. Ikakhala pamenepa ingodyedwa ndi dzimbiri."

18 Epulo: sitata sinafe

Zogula: oilo wa injini wotsika mtengo woti ndingoyesera, petulo pang'ono, kapaipi ka petulo. Zonse pamodzi 2. Izi sindiziphatikiza pa mtengo wokonzera, ndi ndalama yofufuzira.

Batire ndinalitchaja usiku wonse, ndipo litapuma linaonetsa mavoti 12.6, kutanthauza kuti ndi lodzadza. Nditatembenuza kiyi, sitata inazungulitsa injini theka n'kuima ngati yagunda khoma. Mavoti pa nthawiyo anatsika kufika 10.4, omwe ndi abwino ndithu, chifukwa batire lotha limagwa pansi pa 9.6. Nditachotsa mapulagi onse awiri, sitata inazungulira mopepuka kwambiri. Sitata yakufa sichita zimenezo.

Injini zing'onozing'ono zambiri zili ndi kachitsulo pa kamshafiti kamene kamatsegula valavu pang'onong'ono podzutsa, kuti mpweya wina uthawe, sitata isalemedwe. Katsegulidweko n'kochepa kwambiri. Mpata wa valavu ukakula, kachitsulo kaja kamangodya mpatawo osafika poikankha valavu, ndipo sitata imalimbana ndi mpweya wonse. Anthu ambiri amagula batire latsopano, kenako sitata yatsopano, vuto lili pa mavalavu.

Bukhu likuti mpata ukhale pakati pa mamilimita 0.10 ndi 0.15 injini ili yozizira. Ndinapeza 0.30 pa valavu ina, 0.25 pa zina ziwiri, imodzi yokha ndiyo inali pafupi. Kukonza kwake ndi sipanala ndi timipeni tija basi. Gasiketi imodzi ya chivindikiro cha mavalavu inang'ambika pochotsa, ndiye yawonjezera 1 pa mndandanda.

Kachitsulo komweka ndi kamene kamasokoneza geji wamba ya kompuresheni: imaonetsa nambala yotsika ngakhale injini ili bwino. Ndiye ndinagwiritsa ntchito geji ya mpweya wothawa ija. Pisitoni imaikidwa pamwamba penipeni mavalavu onse atatseka, injini imagwidwa kuti isazungulire, mpweya umalowetsedwa pa bowo la pulagi, ndipo geji imanena kuchuluka kwa umene ukuthawa. Silinda ya kumanzere inataya 12 peresenti, ya kumanja, ya makoswe ija, 15. Kufika 20 ndimavomereza pa injini yakale. Kupyola 30 ndi ntchito yotsegula injini. Khutu limathandizanso: mpweya ukamveka ku kabuleta ndi valavu yolowetsa, ku ekisozi ndi valavu yotulutsa, pothirira oilo ndi maring'i kapena gasiketi ya mutu. Apa unkangomveka pang'ono pothirira oilo, mofanana mbali zonse ziwiri. Makoswe anabwera mochedwa.

Ndinasintha oilo, ndinalumikiza kabotolo ka petulo watsopano m'malo mwa thanki, ndipo inadzuka. Utsi woyera unatuluka kanthawi n'kutha. Koma inkangokhazikika choko (chotsekera mpweya wolowa m'kabuleta) ili yokoka theka. Ndikaibweza yonse, injini inkakwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. Timabowo ta m'kabuleta tatsekeka ndi petulo wakale. Injini ikuthamanga, batire linaonetsa mavoti 13.9, ndiye ikutchaja.

Bambowo anaima chete kumvetsera, kenako anati mtengo ukwera tsopano popeza sitata yauka. Tinaseka tonse, koma ndinadziwa kuti akunena zoona pang'ono. Kukonza makina a mwini usanagwirizane mtengo kuli ndi vuto limenelo. Ine ndinasankha kutero chifukwa popanda injini yoyenda sindikanayesa giyabokosi, ndipo giyabokosi ndiyo inali funso lalikulu.

22 Epulo: giyabokosi pa chitunda

Ndinapopa matayala akutsogolo, ndinatsuka kabuleta mongoyembekezera, ndipo ndinayamba kuzungulira nayo. Oilo wa giyabokosi anali pa mlingo wake, wakuda bii koma wosanunkha kupsa. Pa fyuluta panalibe chizindikiro chakuti inasinthidwapo. Penti ya ku fakitale inali ikadali pa mkombero wake.

Ili yozizira inkayenda bwino kutsogolo ndi kumbuyo. Itatentha ndinamanga kangolo kodzaza njerwa n'kulunjika pa chitunda. Pakati pake liwiro linatsika, ndipo mtima wanga unatsika nalo. Koma kalilidwe kake kanali kosiyana ndi ka yoyamba ija. Giyabokosi sinadandaule, kunamveka kulira kopyapyala kuchokera pansi pa mpando, ndi fungo la labala yopsa.

Ndinazimitsa n'kugwira lamba woyendetsa giyabokosi. Anali wotentha, m'mbali mwake mosalala ndi monyezimira, ming'alu ili mbwee mkati, ndipo anali atalowa pansi penipeni pa pule (gudumu loyendapo lamba). Lamba wa mtundu wa V amagwira ndi m'mbali. Akafika pansi pa ngalande ya pule ndiye kuti watha, amangoterera. Fani ya pulasitiki ya pamwamba pa giyabokosi inali itathyoka mapiko atatu, ndipo zipsepse za giyabokosi zinali zitamatidwa ndi udzu wosakanikirana ndi dothi.

Lamba woterera ndi giyabokosi yakutha zimaonetsa chizindikiro chofanana, pomwe mtengo wake ukusiyana ngati 4 ndi 60. Kuti ndisiyanitse, ndinalemba mzere wa choko pa pule ya giyabokosi, ndinakoka pule yokungira lamba ndi chingwe kuti agwire mwamphamvu kwakanthawi, ndipo mnzanga anakwera pa mpando ine ndikuyang'ana chapatali ndi tochi. Lamba atakungika, thalakitala inakwera chitunda chonse ndi njerwa zija, n'kuima pakati, n'kunyamukanso popanda kubwerera m'mbuyo. Kunyamuka pa chitunda itatentha, katundu ali kumbuyo, ndiwo mayeso amene ndimawakhulupirira kuposa ena onse. Chenjezo kwa oyesa zimenezi: dzanja lisayandikire lamba injini ikuyenda, ndipo chingwe chimangidwe injini ili chete.

Ndinaonanso kandodo kakumbuyo komasulira giyabokosi pofuna kuikankha ndi manja. Kakakhala kuti sikanabwerere bwino, makina amafooka ngati giyabokosi yatha. Apa kanali pamalo pake. Nditakweza kumbuyo ndi jeke ndinagwedeza mawilo: palibe kusewera. Pa ekiselo ya kumanzere pali chinyezi cha oilo pa labala yotchinga, chosafika podontha.

Sindinganene kuti giyabokosiyi ndi yatsopano. Yagwira ntchito ikutentha, fani ili yothyoka, kwa nthawi yosadziwika. Pa chifukwa chimenechi ndikusunga 10 pambali powerengera mtengo.

23 Epulo: deki, chiwongolero, magetsi

Deki, chitsulo chija chokhala ndi mipeni pansi, ndinaichotsa n'kuitembenuza. Udzu wonyowa ukasiyidwa mkati umadya chitsulo kuchokera pansi, pamwamba penti ikuoneka bwino. Ndinapala ndi sikuludiraiva n'kumagogoda paliponse. Mbali zambiri zinkalira ngati chitsulo chamoyo, koma pafupi ndi potulukira udzu sikuludiraiva inabowola. Chofunika kwambiri ndi pozungulira nyumba za mabeling'i ndi pa makutu opachikira deki, ndipo pamenepo panali polimba. Bowo la pambali limawotchereredwa. Pomangira shafiti pakaola, deki yonse yapita, ndipo ya makina akale kuipeza n'kovuta.

Mashafiti a mipeni ndi atatu. Awiri ankazungulira mwakachetechete, lachitatu linkakhekhereza ndi kugwedera. Mipeni inali yopyapyala kumapeto kumene imapindikira m'mwamba, malo amene mchenga umadya, ndipo yotere sinoledwa, imasinthidwa.

Kilatchi yamagetsi yoyatsira mipeni ndinaiyeza ndi mita: 3.1 ohms. Zambiri zimakhala pakati pa 2 ndi 4. Inagwira bwino ili yozizira komanso itatentha. Iyi ndi yodula, ndiye ndinapuma bwino.

Pansi pa mpando ndinapeza mawaya a switchi atalumikizidwa ndi kawaya kena. Switchi imeneyi ndi imene imazimitsa injini woyendetsa akachoka pa mpando mipeni ikuzungulira. Wina anaidumphitsa, mwina itayamba kuvuta. Mtengo wake ndi 1 yokha, ndipo iyi sindikambirana ndi munthu, ibwerera.

Kutsogolo nditakweza ndi jeke, mawilo ankagwedera pa mabushi, chiwongolero chikusewera zala zitatu. Mano a giya ya chiwongolero adyeka pakati koma sakudumpha. Matayala akutsogolo ali ndi ming'alu m'mbali ndipo anali ataphwanso. Akumbuyo, amene ndi odula, ali bwino. Buleki ikugwira pa chitunda.

25 Epulo: masamu ndi kukambirana

Mitengo ndinafunsa m'malo angapo pogwiritsa ntchito manambala a m'bukhu, ndipo choyamba ndinatsimikiza kuti zipangizozo zikupezekadi. Lamba 4, fani 2, oilo ndi fyuluta ya giyabokosi 6, oilo wabwino wa injini ndi mafyuluta ndi mapulagi 5, tizipangizo ta kabuleta 2, mabeling'i 3, mipeni 4, wowotcherera 5, matayala akutsogolo 9, switchi 1, mabushi 2. Zonse 43, osawerengera gasiketi ya 1 ija. Yoyenda bwino ili pa 130. Kuchotsapo 43 ndi 10 wa nkhawa ya giyabokosi uja, patsala 77. Thukuta langa sindinaliwerengere. Amene adzalipire makaniko awonjezerepo, ndipo mwina masamuwo sadzatuluka.

Pepalalo ndinawapatsa bambowo kuti awerenge okha, ndi kuwaonetsa bowo la pa deki ndi lamba uja. Ndinanena 70. Iwo anati 90, poti injini tsopano ikudzuka ndi kiyi kamodzi. Tinakumana pa 80, iwo n'kuwonjezerapo zitsulo zolemeretsa mawilo akumbuyo ndi chokokera pulawo zimene zinali pakona m'shedi, zomwe sizinatchulidwe poyamba. Zimenezo zokha kuzigula padera zikanadutsa 3 amene ndapyola nawo malire anga. Tinalemberana kalata yokhala ndi nambala ya makina, tsiku ndi masaini.

2 Meyi: lamba ndi oilo wa giyabokosi

Lamba amene sitolo ina inandipatsa anali ndi utali wolondola koma anali lamba wamba wa makina a m'fakitale, wopanda nsalu yokuta kunja. Malamba a makina otchetchera amakhala okutidwa chifukwa amapindidwa chammbuyo pa mapule ndipo amayenera kupirira kuterera pang'ono ndi kutentha. Ndinabweza, anandisinthira, ndalama sinawonjezeke koma ntchito inaima.

Kulowetsa lamba kunafuna kuchotsa kilatchi ya mipeni kaye, popeza ili pansi pa pule ya injini. Bawuti yake imazungulira limodzi ndi injini. Njira yake: kuchotsa pulagi, kulowetsa chingwe chofewa m'silinda pisitoni ikukwera mavalavu atatseka, chingwecho n'kuigwira pisitoni. Jambulani njira ya lamba musanachotse wakale, chifukwa pali tizitsulo tomutchinga timene lamba amayenera kudutsa mkati mwake, ndipo akadutsa kunja amadyeka tsiku lomwelo.

Oilo wa giyabokosi ndinatsata mtundu wolembedwa m'bukhu. Apa osatengera za mnzako, chifukwa ena amafuna 20W-50, ena 10W-30, ena oilo wawowawo. Wakaleyo ndinamuthira m'beseni loyera n'kupita naye padzuwa. Tifumbi tachitsulo tosalala tinalipo pang'ono, zomwe n'zoyembekezereka, koma tizidutswa togwirika ndi zala panalibe.

Nditathira watsopano, thalakitala inakana kuyenda, inkangolira. Ndi mpweya wolowa m'njira za oilo. Ndinakweza mawilo akumbuyo pa zochirikiza, ndinamasula kandodo kaja, ndinadzutsa injini pang'onopang'ono, n'kumaponda kutsogolo ndi kumbuyo mofatsa. Kenako ndinabweza kandodoko n'kubwerezanso mpaka mawilo anayamba kuzungulira mofanana ndipo kulira kunatha. Mlingo wa oilo unatsika mpweya utatuluka, ndinawonjezera. Fani yatsopano inalowa popanda vuto.

Kabuleta ndinaitsegula yonse, kasingano katsopano, magasiketi atsopano, timabowo tonse kupemerera. Thanki ndinaitsuka, ndipo ndinaika kampopi kotsekera petulo pa paipi, kuti kasingano kakadzatopanso oilo asadzamwe petulo. Tsopano ikukhazikika popanda choko.

9 Meyi: deki yadya ndalama

Mabawuti a nyumba ya mabeling'i anali atagwirana ndi aluminiyamu chifukwa cha dzimbiri. Ndinathira mafuta olowerera, ndinadikira, ndinatenthetsa, awiri anatuluka, awiri anaduka. Nyumbayo itachoka ndinaona mng'alu pansi pake umene dothi linabisa, mwina mpeni unagundapo chitsa kalekale. Mabeling'i okha sakanathandiza. Nyumba yatsopano ndi shafiti yake: 7. Mabawuti: 1. Mabeling'i amene ndinagula kale ndinawaika m'mashafiti awiri enawo, poti deki inali kale pansi.

Wowotcherera atapala bwino anapeza kuti chitsulo chopyapyala chikupitirira kuposa pamene sikuludiraiva inabowola, ndiye chigamba chinakula. Analipiritsa 8 m'malo mwa 5. Mkati monse ndapaka penti yoteteza dzimbiri imene ndinali nayo kale.

Ku matayala ndapulumutsako. Wokonza matayala anaona kuti ming'alu ndi ya pamwamba, ulusi wa mkati uli bwino, ndipo anaikamo machubu pa 3 m'malo mwa matayala a 9. Pa liwiro la makina amenewa zikwanira.

Deki itabwerera ndinaiyeza pa simenti yosalala matayala onse atapopedwa mofanana. Kumanzere ndi kumanja mipeni ikhale pa msinkhu umodzi, kutsogolo kutsike pang'ono, pafupifupi mamilimita 3 mpaka 6 poyerekeza ndi kumbuyo. Switchi ya mpando yalowa, ndipo ndikanyamuka mipeni ikuzungulira injini ikuzima.

20 Meyi: pa ntchito yeniyeni

Yatchetcha kapinga yense mosasiya mizere, yakoka manyowa, ndipo dzulo inakoka pulawo m'dothi lonyowa pang'ono, zitsulo zolemeretsa zili pa mawilo. Matayala a kapinga ndi amene ankaterera, giyabokosi ayi. Nditamaliza, ili yotentha, ndinaikweza pa chitunda ndi kangolo kodzaza, kuima pakati ndi kunyamukanso. Inanyamuka. Oilo wa injini ali pa mzere womwe ndinamusiya ndipo sakununkha petulo.

Ndalama zokonzera zafika 47, mabushi a kutsogolo asanagulidwe. Kuphatikiza ndi 80 wogulira, ndili pa 127, pafupifupi mtengo wa zija zotsatsidwa ngati zoyenda bwino. Phindu la ndalama ndi lochepa. Kusiyana kwake n'kwakuti ya 130 ikanabwera ndi lamba, mipeni ndi oilo zosadziwika msinkhu, ndipo zina mwa ndalama zomwezi ndikanaziwonongabe chaka chomwecho.

Zotsala ndi mabushi a mawilo akutsogolo ndi giya ya chiwongolero, imene ndikufuna ndiione bwino ndikadzatsegula kutsogolo konse. Labala yotchinga oilo pa ekiselo ya kumanzere ndapukuta ndipo ndaika katoni pansi pake. Ikayamba kudontha ndisintha, ikapanda kutero idikira mpaka nthawi yosinthanso oilo wa giyabokosi. Pa pulawo ndikusankha pakati pa matcheni ndi matayala a mano, ndipo mitengo ya zonse ziwiri sindinafunsebe. Mavalavu ndiwayezanso ikakwanitsa maola 100.